Njovu m'botolo ndi mitengo yosanduka miyala: ulendo wa ma escuteiro ku Maputo

 Nkhani ya sabata ino ndi ya ana athu ovala kansalu m'khosi aja, amene kuno timawatchula ma escuteiro pamene abale athu a ku Dedza ndi Ntcheu amati masikauti. Gulu lawo likukonza ulendo wina wopita ku Maputo kukaona nyumba zosungiramo zinthu za sayansi, ndipo posachedwapa atsogoleri awo afika pakhomo panu kudzapempha zinthu ziwiri, chilolezo ndi kangachepe.

Ndikudziwa kuti m'makomo ambiri funso likhala limodzi: kodi ndi nzeru kugulitsa matumba a mbatatesi kuti mwana akaone nyama zakufa? Funso limeneli si lopusa ayi. Ndalama yathu imachokera m'khasu, ndipo thumba limene lapita ku ulendo ndi thumba limene silinagule feteleza. Tsono popeza ine ndinatsagana ndi gulu loyamba mu Ogasiti 2022, monga womasulira ndiponso wojambula mawu a pa wailesi, ndati ndikufotokozereni zimene zili kumeneko, zokoma ndi zovuta zomwe, kuti poyankha muyankhe mukudziwa.

Kodi ma escuteiro ndi ndani?

Tiyambe ndi mantha a akuluakulu. Agogo ena akaona ana atavala zofanana, akufola pamzere ndi kuimba likhweru, mtima umagunda chifukwa amakumbukira zaka 16 za nkhondo ija, pamene ana ankatengedwa m'midzi osabwereranso. Ambiri a msinkhu wanga tinabadwira kothawa, ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo tinadzaona mudzi wa makolo athu mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Choncho mantha amenewa ndi omveka. Koma ma escuteiro si asilikali, sagwira mfuti, ndiponso si a chipani chilichonse.

Anayambitsa gulu limeneli ndi Robert Baden-Powell wa ku Mangalande, amene mu 1907 anatenga anyamata 20 n'kukagona nawo m'misasa pa chilumba cha Brownsea, kuwaphunzitsa kudzidalira, kuona zinthu mosamala ndi kuthandiza anzawo. M'dziko lathu gululi linaleka kugwira ntchito titalandira ufulu mu 1975, ndipo linadzukanso nkhondo itatha. Bungwe lake, Liga dos Escuteiros de Moçambique, linalandiridwa m'bungwe la ma escuteiro a dziko lonse lapansi mu 1999.

Ana amagawidwa m'timagulu ta anthu 6 kapena 8, totchedwa patrulha, ndipo kagulu kalikonse kali ndi mtsogoleri wake amene ndi mwana mnzawo. Pa ulendo wathu panali ana 24, anyamata ndi atsikana, atsogoleri aamuna awiri ndi amayi awiri. Ndalama zambiri anazipeza okha. Analima dimba la kabichi ndi anyezi, n'kumakagulitsa pa msika wa m'malire wa Lizulu, ndipo makolo anangoonjezerapo. Mwana aliyense ananyamula chikalata cha kubadwa kapena BI, kalata yosainidwa ndi kholo, bulangeti, mbale, kope ndi pensulo. Kope limenelo musaliiwale, chifukwa ndilo linali katundu wofunika kuposa zonse.

Msewu nawo ndi sukulu

Kuchoka ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 230, ndipo kuchoka ku Tete kufika ku Maputo ndi makilomita opitirira 1,500. Tinanyamuka mbandakucha, kukuzizira monga mukudziwira Ogasiti wa kwathu kuno, ana atadzikulunga m'mabulangeti. Titadutsa mphambano ya Mussacama n'kuyamba kutsetsereka, majuzi anayamba kuvulidwa. Minda ya chimanga ndi mbatatesi inatha, m'malo mwake munabwera malambe akuluakulu, minga ndi mbuzi. Mtsogoleri anauza ana kuti alembe m'kope chifukwa chake kwatentha chonsecho dzuwa ndi lomweli. Yankho lake n'lakuti ife timakhala pamtunda wokwera mamita oposa 1,000, pamene Tete ali m'chigwa cha Zambezi, ndipo munthu akamatsika mpweya umanka nutentha.

Pa Moatize ana anaona milu yakuda ya malasha ndi sitima yaitali yowanyamula. Kenaka Zambezi uja anatulukira. Amene anazolowera kuwoloka Mawe kapena Lifidzi atapinda buluku anangoti kakasi. Mzinda wa Tete uli ndi milatho iwiri, wakale wa Samora Machel wa m'zaka za m'ma 1970 ndi wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Tinagona ku Tete, ndipo m'mawa mwake tinakwera machibombo aakulu a ku Maputo.

Tinadutsa Changara, Guro ndi Catandica, kenaka Chimoio ndi Inchope, pamene tinakhotera kumwera pa msewu wa nambala 1. Pakati pa Inchope ndi mtsinje wa Save msewu unali wokumbika kwambiri chaka chimenecho. Tayala linaphulika, tinakhala maola awiri m'tchire, ndipo ana atatu anasanza chifukwa cha kugwedezeka. Apa m'pamene ndinaona ntchito ya patrulha. Palibe wamkulu amene analamula, koma wina anatunga madzi m'chigubu, wina anatsuka malaya a mnzake, wina anawerenga anzake kuti pasasowe munthu. Pa Muxúnguè dalaivala anakumbutsa akuluakulu kuti mu 2013 ndi 2014 magalimoto ankadutsa chigawo chimenechi pamdipiti, moperekezedwa ndi asilikali. Ife tinadutsa ana akuimba.

Titawoloka Save, chinenero cha ogulitsa malonda pa windo chinasintha, ndipo ana anazindikira kuti Chichewa chathera pamenepo, tsopano ndi Chipwitikizi basi. M'chigawo cha Inhambane anaona migwalangwa ya kokonati yosawerengeka. Kupitirira Massinga pali chikwangwani cholembedwa Trópico de Capricórnio. Mtsogoleri anafotokoza kuti kumwera kwa mzere umenewu dzuwa silifika paliwombo penipeni chaka chonse, pamene kwathu ku Angónia limafika paliwombo kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi mu Febuluwale. Masiku amenewo, masana enieni, mtengo wozikidwa chilili umasowa chithunzithunzi. Ana analemba zimenezi kuti adzayese okha akabwerera. Tinawoloka Limpopo pa Xai-Xai, tinagula mtedza wa kaju pa Macia, ndipo tinalowa mu Maputo miyendo itatupa, tsiku lachitatu chinyamukire kwathu.

Nyumba ya nyama

Museu de História Natural ili pa bwalo lotchedwa Praça Travessia do Zambeze. Ana anakondwa kuona dzina la mtsinje wa chigawo chathu pakati pa likulu la dziko. Nyumba yake ndi yokongoletsedwa pakhomo ndi m'mawindo mwa mamangidwe akale a Apwitikizi, moti mwana wina anayesa tchalitchi n'kuvula chipewa. Museu imeneyi yakhalapo zaka zoposa 100. Nthawi ya atsamunda inkadziwika ndi dzina la Álvaro de Castro, ndipo ili m'manja mwa Universidade Eduardo Mondlane. Pabwalo pake tinapeza zifanizo za zinyama zakalekale zotchedwa dinosaur ndi chithunzi chachikulu cha pakhoma chojambulidwa ndi Malangatana, katswiri uja wa dziko lathu. Mu 2023 nyumbayi inatsekedwa kuti ikonzedwe ndi thandizo la dziko la Itália, ndipo inatsegulidwanso mu 2025. Zimene ndikusimba pano ndi monga tinazionera ife mu 2022.

Titangolowa m'chipinda chachikulu, ana aang'ono anabwerera m'mbuyo. Patsogolo pathu panali tchire lathunthu: njovu, njati, mbidzi, mvuu, nyalugwe, ndi mikango ili pakati pogwira nyama. Zonse zili chiimire, maso ali gwa. Kamnyamata kena kanandigwira dzanja n'kundinong'oneza kufunsa ngati nyamazo anaziumitsa ndi mankhwala a kwa sing'anga. Wotilondolera anaseka pang'ono, ndipo anafotokoza ine ndikumasulira. Nyama ikafa amaisenda bwinobwino, chikopa amachitsuka ndi mankhwala oletsa kuola ndi njenjete, kenaka amaumba thupi lofanana ndi nyamayo n'kuliveka chikopa chija. Maso ake ndi agalasi. Palibe matsenga, ndi luso la manja ngati la wosoka nsapato kapena wokunga ng'oma.

Apa ndinaona chinthu chimene chinandikhudza. Ana athu onse amadziwa nthano za Kalulu ndi Njovu, za Fisi ndi Mkango. Ena mwa iwo ndi a Njobvu, a Nkhoma, a Ngozo, a Mbewe, a Phiri ndi a Banda, mayina a mafuko amene ena mwa iwo ndi a nyama. Koma mwa ana 24 aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo njovu kapena njati ndi maso. Kwathu nkhalango inasanduka minda kalekale. Nyama zimene agogo awo ankakumana nazo popita kumadzi, iwo anakazionera mu mzinda, m'kati mwa nyumba.

Za njovu za m'mabotolo

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikufuna kuti kholo lililonse liimve kwa ine lisanaimve kwa mwana. Chinthu chotchuka kwambiri m'nyumba imeneyi ndi ana a njovu osabadwa, osungidwa m'mabotolo ndi m'mabokosi agalasi odzaza ndi mankhwala oletsa kuola. Anawandandalika kuyambira kakang'ono kokwana m'manja mpaka wamkulu wotsala pang'ono kubadwa. Kamene kali kakang'ono kali kale ndi chitamba ndi makutu ake.

Ndikudziwa mwambo wathu. Nkhani za pakati sizikambidwa pamaso pa ana, zili ndi eni ake, anamkungwi ndi azamba. Amayi awiri amene tinali nawo anayamba apita okha kukaona, kenaka anagwirizana kuti atsikana alowe ndi iwo, anyamata alowe ndi atsogoleri aamuna. Panalibe mwana amene anaseka kapena kulankhula zachipongwe. Anangoti zii, kenaka anayamba kujambula m'makope.

Phunziro lake linali la masamu. Mbuzi imatenga bere miyezi 5. Ng'ombe imatenga miyezi 9. Njovu imatenga miyezi 22, imabereka mwana mmodzi wolemera makilogalamu pafupifupi 100, ndipo pamapita zaka 4 kapena 5 kuti iberekenso. Mwana wa m'mudzi amene amaweta mbuzi samavutika kumva tanthauzo lake. Khola la mbuzi likagwa mliri, pakatha zaka zochepa ladzazanso. Koma njovu zikaphedwa zambiri, mbadwo wathunthu wa anthu ungathe zisanabwerere. Kalembera wa mu 2014 anapeza njovu pafupifupi 10,300 m'dziko lathu, pamene zaka zisanu m'mbuyo mwake zinali zoposa 20,000. Zambiri zinaphedwa ndi osaka minyanga.

Mbiri ya mabotolo amenewa nayo ndi yachisoni. Nthawi ya atsamunda, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, njovu zambiri zinaphedwa kumwera kwa mzindawu pofuna kutsegula minda, ndipo ana amenewa anachotsedwa m'mimba mwa njovu zazikazi zophedwazo. Mtsikana wina wa zaka 13 anafunsa ngati mindayo inalimidwadi. Mnyamata wina, amene amalume ake amakhala ku Mágoè, anatsutsa anzake amene ankangomvera njovu chisoni. Iye anati njovu ikalowa m'munda usiku umodzi, banja limagona ndi njala chaka chonse. Anakangana mpaka pa chakudya cha masana, ndipo mtsogoleri sanawaletse. Anangowauza kuti m'chigawo chathu chomwechino munayamba ntchito ya Tchuma Tchato mu 1994, yofuna kuti anthu okhala pafupi ndi nyama azipindula nazo, ndi kuti Parque Nacional de Mágoè inakhazikitsidwa mu 2013. Nkhani ya munda ndi njovu ikadali yovuta, ndipo odzaiweruza mawa ndi ana omwewa.

Nsomba imene inkayesedwa yakutha

Ife a kumtunda nsomba timaidziwa itauma: usipa, matemba, kapenta ndi chikowa. Choncho ana anadabwa kuona nsomba yaitali kuposa bambo wamkulu, ya mamba okhakhala, zipsepse zake zonenepa ngati timiyendo. Dzina lake pa Chipwitikizi ndi celacanto. Akatswiri ankaidziwa kuchokera m'miyala yokha, ndipo ankakhulupirira kuti mtundu wake unatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Koma mu 1938 asodzi anakola ina yamoyo kufupi ndi East London ku South Africa, ndipo mayi wina wogwira ntchito mu museu ya kumeneko, Marjorie Courtenay-Latimer, ndiye anazindikira kuti si nsomba wamba.

Mu 1991 ina inakodwa m'nyanja ya dziko lathu, kufupi ndi gombe la Zambézia. Inali yaikazi, yaitali mita imodzi ndi masentimita 79, yolemera makilogalamu 98, ndipo m'mimba mwake munali ana 26. Nsomba imeneyi siikira mazira m'madzi monga chambo, imabereka ana amoyo. Imakhala pansi kwambiri, m'mapanga a m'nyanja, n'chifukwa chake inabisika nthawi yonseyi. Mtsogoleri anauza ana kuti aone bwino: anthu ophunzira kwambiri ananena kuti nsombayi inatha, koma umboni utabwera anavomera kusintha mawu awo. Sayansi imayenda choncho. Ndipo anaikola ndi asodzi, anaizindikira ndi mayi wa maso akuthwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinaonanso njoka m'mabotolo, mphiri ndi nsato, ndi tizilombo tambirimbiri tobayidwa pa singano, chilichonse ndi kapepala kake konena dzina, malo ndi tsiku limene chinagwidwa. Apa ana anali kwawo. Ankatchula okha mayina: bwannoni, chithuli, nkhululu, mafulufute, nyenje. Wotilondolera anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba mayina a Chichewa amene ana ankamuuza. Mwana amene kusukulu amakhala kumbuyo chifukwa Chipwitikizi chimamuvuta, tsiku limenelo anaphunzitsa munthu wa ku yunivesite.

Nyumba ya miyala

Tsiku lotsatira tinapita ku Museu Nacional de Geologia, pa msewu wa 24 de Julho. Imeneyi ndi nyumba yocheperapo, ya miyala yokhayokha, ndipo poyamba ana anaoneka ogwa ulesi. Mwala ndi mwala, kwathu iliko yambiri. Koma ataona miyala yonyezimira ya mitundumitundu yochokera ku Zambézia, n'kumva za rubi wa ku Montepuez amene anapezeka mu 2009, anayamba kuyandikira. Anauzidwanso kuti mtima wakuda wa pensulo imene anali nayo m'manja umapangidwa ndi mwala wotchedwa grafite, ndi kuti mwala umenewu umapezeka ku Balama ndiponso ku Angónia kwathu konkuno.

Za malasha a Moatize anamva kuti ndi nkhalango yakalekale. Zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, kumene kuli Moatize kunali madambo odzaza mitengo ndi zomera. Masamba ndi mitengo zinkagwera m'madzi, matope n'kuzikwirira zisanaole, ndipo kulemera kwa dothi ndi kutentha kwa pansi kunazisandutsa mwala wakuda woyaka. Nthawi zina munthu akaswa mwala wa m'mbali mwa malasha amapeza tsamba litadindika bwinobwino.

Mitengo ina sinasanduke malasha, inasanduka miyala yeniyeni. Mtengo ukakwiririka, madzi a pansi okhala ndi mchere wa m'miyala amalowa pang'onopang'ono m'thupi mwake, mpaka mtengo wonse usanduka mwala koma maonekedwe ake osasintha, mizere yake ya m'kati n'kumaonekabe. Chigawo chathu cha Tete chili ndi mitengo yotere yambiri zedi, makamaka cha ku Mágoè m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, ndipo akatswiri amaiwerengera pakati pa nkhalango zazikulu za mtundu umenewu mu Africa. Mnyamata wa amalume a ku Mágoè uja anati anaionapo, anthu ena amaiika ngati mafuwa.

Mwana wina anafunsa funso limene mwina inunso muli nalo: adziwa bwanji zaka zonsezo, popeza panalibe munthu wowerenga? Yankho linali pawiri. Choyamba, taganizani za dzala la pakhomo panu. Phulusa la dzulo lili pamwamba, la chaka chatha lili pansi, ndipo mukakumba kwambiri mupeza mapale a agogo anu. Miyala nayo inayalana choncho, ya pansi ndiyo yakale. Chachiwiri, m'phulusa la mapiri ophulika muli timiyala ting'onoting'ono tokhala ndi uranium, amene amasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika. Akayeza kuchuluka kwa ziwirizi m'makina, amadziwa zaka zimene zapitapo.

Chimene chinatsitsimula ana koposa ndi dzina limodzi. Ku Niassa, m'dera la Metangula, akatswiri a dziko lathu ndi a ku Portugal anafukula mafupa osanduka mwala a kanyama kamene kanakhalapo ma dinosaur asanabwere. Polengeza mu 2013 anakatcha Niassodon mfumukasi. Mawu achiwiriwo ndi athu, mfumukazi, monga amatchulira abale athu Anyanja a m'mbali mwa nyanja, ndipo anawasankha polemekeza amayi. Mayina onse a sayansi amene ana anaona masiku awiri amenewo anali a Chilatini, ovuta kutchula. Atamva limeneli, atsikana anaomba m'manja. Tsopano katswiri aliyense pa dziko lapansi, akafuna kutchula kanyamako, ayenera kulankhula chinenero chathu.

Madzulo ake tinapita kukaona nyanja ku Costa do Sol, tinaonanso patali mlatho wa Maputo ndi Katembe umene unatsegulidwa mu 2018. Aliyense analawa madzi kuti atsimikize za mchere. Tinapeza madzi atathawira kutali, ngalawa zitakhala pamchenga, ndipo tisanachoke anali akubwerera. Ana anauzidwa kuti nyanja imatero kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, mwezi womwe uja timavinira chintali ukawala.

Zimene anabwera nazo

Sanabwere ndi nsapato kapena mafoni. Anabwera ndi makope odzaza, ndipo ntchito yeniyeni inayamba atafika kumudzi. Patrulha ina inapempha kachipinda pasukulu n'kuyamba kusunga zinthu za kwathu: mbewu za makolo monga mawere, mapira, nzama ndi kayera, miyala ya m'phiri la Dómuè, zisa zakale za mbalame ndi tizilombo. Chilichonse anachiikira kapepala ka dzina la Chichewa ndi la Chipwitikizi, malo ndi tsiku, monga anaonera ku Maputo. Mayina ena anawasowa, ndipo anapita kwa agogo awo kukafunsa. Nkhalamba zina zimene zinkadandaula kuti ana a masiku ano sacheza ndi akuluakulu zinadzidzimuka kuona adzukulu atakhala pamphasa ndi kope, akufunsa dzina la mtengo uwu ndi ntchito ya muzu uwo. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Mu Novembala chaka chomwecho anazika ndodo pabwalo la sukulu n'kumayeza chithunzithunzi chake masana aliwonse, mpaka tsiku limene chinasowa. Ena mwa ana aja tsopano ali ku sekondale, ndipo akufunsa za maphunziro a migodi ku Instituto Superior Politécnico de Tete ndi a ulimi ku Universidade Zambeze, imene nthambi yake ya zaulimi ili pa Ulónguè pompano. Sindikunena kuti onse adzakhala akatswiri. Ambiri adzakhala alimi monga ife. Koma mlimi wodziwa kuona, kulemba ndi kuyerekeza chaka ndi chaka sanamizidwa msanga ndi wogulitsa mbewu kapena wogula miyala.

Mawu kwa makolo

Ulendowu ndi wautali ndi wotopetsa. Masiku a pamsewu, kupita ndi kubwera, ndi ochuluka kuposa okhala mu Maputo. Mwana wodwaladwala kapena wamng'ono kwambiri ayambe wadikira. Musanasaine kalata, funsani mafunso ndipo musachite manyazi. Akupita ndi akuluakulu angati? Pali amayi oyang'anira atsikana? Akagona kuti? Ndani akusunga ndalama, ndipo adzawerengera liti pamaso pa makolo? Mtsogoleri wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Safunsa anadya phula.

Kwa inu abambo ndi amalume, eni mbumba, ndili ndi pempho limodzi. Pa ulendo woyamba, mabanja angapo amene anali ndi mnyamata ndi mtsikana m'gulu anasankha mnyamata, mtsikana n'kutsala akusinja. Koma mafunso ambiri ovuta ku Maputo anafunsa ndi atsikana amene anapita. Ngati ndalama ikukwanira mwana mmodzi, yang'anani amene ali ndi chidwi, osati amene wavala kabudula.

Magulu amene sangakwanitse Maputo asataye mtima, chifukwa ife a m'malire tili ndi mwayi wina. Ku Dedza kuli mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zojambula za makolo pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Blantyre kuli museu ya Chichiri, kumene kuli mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Kumeneko chinenero ndi chathu chomwe. Chofunika ndi kukonza zikalata zowolokera malire nthawi ikadalipo.

Pomaliza, mukapeza mwala wooneka ngati chipika cha mtengo, kapena fupa lolemera ngati mwala, kapena tsamba lodindika pamwala, musauswe ndipo musagulitse kwa munthu wongodutsa. Usiyeni pamalo pake, chifukwa akatswiri amaphunzira zambiri poona pamene wagona. Uzani amfumu ndi aphunzitsi kuti adziwitse a boma, ndipo itanani ma escuteiro a m'dera lanu abwere ndi makope awo adzaujambule ndi kulemba malo ake.

Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, ovomereza kapena otsutsa, lembani kalata ku tsamba lino kapena ku wailesi, tidzawerenga.